Mlamu wanga akuthamangitsa boti pa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique, ndimuuze bwanji?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mlamu wanga wamangirira injini yaikulu pa boti lathu lamatabwa, akuti tizithamanga kuti pende (nsomba zonga chambo) azifika kwa ogula a m'tauni ya Songo asanaonongeke. Lachiwiri mbandakucha tikubwerera titadzaza, mutu wa boti unadzuka moti kutsogolo sikunkaoneka, kenaka tinangomva khu! pa chitsa cha pansi pa madzi. Thabwa linang'aluka, mnyamata wathu n'kugwera m'madzi. Mwamwayi tinamuvuula ng'ona zisanatulukire. Majekete oyandamitsa tilibe, ndisaname.

Inu mwakhalitsa panyanjayi, madzi akatsika chonchi mumayenda bwanji malo a mitengo yomira ndi mvuu? Nanga boti la mamita 7 limayenera injini yotani? Ine ndikalankhula amangoseka, ati alamu ndinu amantha.