Kodi "rewire" ndi kukonza kapena kusintha mawaya onse?

MayiWaAwiri:
Abale ndithandizeni. Dzulo kunabwera wamagetsi kudzaona nyumba yomwe tikufuna kulowamo. Atatsegula soketi ya kuchipinda, chikutiro cha waya chinangofumbutuka m'manja mwake ngati dothi louma. Papepala walemba kuti "house needs rewiring". Ine ndimayesa angosintha masoketi awiri omwe akumveka fungo la kupsa. Ndisanavomere ntchitoyi ndikufuna ndimvetse kaye mawuwa.

WaZamagetsi:
Mayi, si nkhani ya masoketi awiri imeneyo ayi. "Rewire" ndi kuzula mawaya akale n'kuika atsopano, kuchokera pabokosi la mabuleka mpaka kumasoketi, maswitchi ndi mababu. Nthawi zina timachita kutema khoma ndi kukwera m'denga, ndiye fumbi lake musalione. Akanakhala kuti akungokonza pamene pawonongeka akanalemba "repair".

Zomwe mwaonazo ndazionapo kambirimbiri. Mawaya akalekale ankakutidwa ndi labala, ndipo labalayo akakalamba amauma n'kuthetheka, mkuwa umatsala pamtunda. Awiri akangokhudzana, moto. Amakono amakutidwa ndi pulasitiki yotchedwa PVC. Chonde musazengereze, muli ndi ana. Koma mumufunse alembe ngati ndi nyumba yonse kapena mbali imodzi, chifukwa mawuwa amagwira ntchito ponse pawiri.

AphunzitsiOpuma:
Ndiwonjezereko za chilankhulo. Kachidutswa ka "re-" kamagwira ntchito ngati "-nso" wathu: "write" kulemba, "rewrite" kulembanso. "Wire" ndiye waya yemwe tinabwereka uja, choncho potchula zimamveka ngati ri-waya. Zikachitika kale ndi "rewired".

Pomwe ana anga a sukulu ankalakwitsa ndi apa. Mukati "I rewired the house" ndiye kuti munagwira pulayazi ndinu. Ngati munaitana mmisiri, nenani "I had the house rewired". Mawuwa amanenedwanso pa zinthu zing'onozing'ono monga pulagi kapena nyale, ndipo mudzamvanso ena akuti "rewire your brain", kutanthauza kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi.

WaZamagetsi:
Zoona aphunzitsi. Tisasokonezenso ndi "rewind". Mota ya pampu kapena ya fani ikapsa timakulunganso waya wamkuwa m'kati mwake, imeneyo ndiyo "rewind".

MayiWaAwiri:
Zikomo nonse, tsopano ndamva. Ndamuimbira, akuti ndi nyumba yonse pamodzi ndi bokosi lomwe. Tidikira amalize kaye tisanalowetse katundu.