Ndithandizeni: ndikufuna nyali zosuntha m'chipinda chosokeramo, zosadula mawaya nthawi zonse

Abale ndi alongo, makamaka inu odziwa zamagetsi, ndabwera ndi vuto langa.

Ndimasoka zovala m'chipinda chachitali koma chopapatiza. Muli makina atatu ndi tebulo lodulirapo nsalu, ndipo zinthuzi sizikhala malo amodzi. Ikabwera ntchito ya makatani, tebulo ndimalikokera pakati, makina n'kupita kukhoma. Koma pa siling'i waya amatulukira pamodzi pokha, pakati penipeni. Ndikakhala pa makina, babu limatsalira kumbuyo, mthunzi wa mutu wanga n'kugwera pa singano pomwepo. Nsalu ikakhala yakuda, madzulo maso amachita kuwawa.

Zomwe ndakhala ndikuchita sizabwino, ndikuvomera. Ndinatenga moto pa holda ya babulo, mawaya ndinangowapotokola ndi zala n'kukulunga tepi, nyali n'kumazikoleka pa misomali. Sabata yatha ndinamva fungo la pulasitiki yopserera. Nditazimitsa pa breaker n'kumasula, ndinapeza tepi yasungunuka, waya wada bii. M'chipinda chodzaza nsalu ndi ulusi! Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye ndinagula kanjira ka aluminiyamu kamene amati track, kotalika mamita 2, ndipo nyali zake zitatu za mababu olowa popotokola amene amati GU10 ndinakagula kwina. Zakana kulowa. Ndayesa kutembenuza mbali zonse, koma ayi. Kodi ndalakwitsa pati? Kodi track ndiye yondiyenera, kapena pali cholumikizira china choti nyali uzingozula ngati pulagi? Nanga zija zomata ndi maginito za 48V, n'zodalirika?

Yankho loyamba

Mayi, choyamba: mawaya opotokolawo musawayatsenso. Mawaya akagwirana mosalimba, moto umadutsa movutikira, pamfundopo n'kumatentha pang'onopang'ono. Breaker siiona zimenezi chifukwa magetsi odutsawo sanapyole malire ake, ndiye musadalire kuti idzadula yokha. Polumikiza gwiritsani ntchito makonekita otseka ndi kachala, monga Wago 221, ndipo akhale m'kabokosi kotseka, osati lendelende.

Za track, simunasokoneze kalowetsedwe ayi. Ma track sali mtundu umodzi. Ku America kuli mitundu itatu, H, J ndi L, yochokera ku makampani a Halo, Juno ndi Lightolier. Nyali ya H ili ndi timano titatu, ya J ndi ya L tiwiritiwiri, ndipo sizilowana. Ku Ulaya kuli ya circuit imodzi ndi ya ma circuit atatu (circuit ndi njira ya moto yoyatsidwa payokha). Suzumirani m'kati mwa yanuyo muwerenge timizere ta kopa. Tikakhala tiwiri, ndi ya circuit imodzi. Tikakhala tinayi, ndi ya atatu: live atatu (obweretsa moto) ndi neutral mmodzi (wobwezera moto). Musakakamize kapena kupala pulasitiki ya nyaliyo kuti ilowe.

Yankho lachiwiri

Achemwali, inenso ndimasoka, ndipo track sindinaitsate. Anandiikira timasoketi ta pa siling'i malo anayi, nyali iliyonse ili ndi kapulagi kake. Ku France amati DCL, ku Britain zodziwika ndi za Klik, zonse zimanyamula 6A. Pa 230V amenewo ndi mawati 1,380, pamene babu la LED limadya mwina 5 kapena 7 basi. Ubwino wake, ukazula nyali sipatsala waya woonekera. Kuipa kwake n'kwakuti umasunthira pomwe pali soketi pokha. Ine ndinaonjezera chingwe chachitali ndi timbedza. Chenjezo langa ndi limodzi: kulemera kwa nyali kukhale pa mbedza kapena pa chopanira chingwe, osati pa kopa wolumikizidwayo.

Yankho lachitatu

Za maginito ndazigwiritsapo ntchito. N'zabwinodi: nyali umangoikankhira m'kanjirako n'kumata, ndipo 48V siopsa ngati 230V. Koma zimafuna driver yotsitsa magetsi, ndipo mawati a nyali zonse pamodzi asafike pamalire a driver-yo, siyani mpata. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti nyali zake zambiri zili ndi LED yomangiramo, ikafa umasintha mutu wonse, komanso za kampani ina nthawi zambiri sizigwirizana ndi kanjira ka kampani ina. Ndi GU10 umangopotokola babu n'kuika lina. Pantchito yosoka ine ndingasunge track muli nayo kaleyo.

Mwini funso

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndawerenga timizere tija, tilipo tinayi. Ndiye kuti track yanga ndi ya ma circuit atatu, pamene nyali ndinagula za circuit imodzi. Wogulitsa sanandifunse, inenso sindinkadziwa choti ndifunse. Ndikasintha nyalizo. Koma bambo amene munayankha koyamba, ndaonanso china. Pa siling'i pakutuluka mawaya awiri okha, wofiira ndi wakuda. Pa cholowetsera moto cha track pali malo asanu. Ndilumikize bwanji?

Woyankha woyamba uja

Mwachita bwino kufunsa musanagwire. Wofiira ndi wakuda ndi mitundu yakale ya live ndi neutral. Yamakono ndi wabulauni ndi wabuluu. Pa malo asanuwo, atatu ndi L1, L2 ndi L3, amodzi ndi neutral, otsalawo ndi earth, waya wachitetezo wopititsa moto wothawa pansi. Kukhala ndi live mmodzi si vuto: amalowa pa L1, ndipo nyali iliyonse ili ndi kagudumu kolembedwa 1, 2, 3, mumangoika pa 1. M'tsogolo mukadzafuna kuti za pa tebulo ziziyaka pazokha, mudzaonjezera switchi ndi waya wa L2.

Vuto lenileni ndi earth. Track yanu ndi yachitsulo, mitu ya nyali mudzidzaigwira ndi manja posuntha, ndipo waya wobiriwira ndi chikasu palibepo. Live atakhudza chitsulocho popanda earth, breaker siidula, moto umangodikira dzanja lanu. Apa musachite nokha, mayi. Itanani mmisiri wovomerezeka akoke waya wa earth kuchokera ku bokosi lalikulu, ayezenso waya wopserera uja ngati kutentha sikunalowerere m'kati mwa siling'i. Pomangirira track-yo, muuzeni aiike chakutsogolo pang'ono kwa makina, osati pamwamba pa mpando, kuti kuwala kuzifika pa singano mutu wanu usanatchinge.