Malata 60 kapena 90? Ndithandizeni kuwerengera denga la nyumba ya 12 by 8

Wofunsa: Moni nonse akuluakulu pagulu pano, makamaka amisiri ndi inu amene munafolerapo kale nyumba ya malata. Ine ndili kuno ku Joni koma ndikumanga kwathu ku Lunzu, ntchito akuyang'anira ndi mng'ono wanga. Nyumba yafika pa ring beam. Ndi ya zipinda zitatu zogona, mamita 12 mulitali ndi mamita 8 mulifupi, kuyeza kunja kwa makoma. Denga ndikufuna la gebulo, logwera mbali ziwiri basi, lopanda zokhotakhota zamakonozi.

Chandizunguza mutu ndi ichi. Akalipentala awiri apita kukaona nyumbayo. Woyamba akuti malata 60 akwana. Wachiwiri akuti 90, ndipo za matabwa sanalembe n'komwe, wangotchula ndalama imodzi ya zonse, zipangizo ndi leba pamodzi. Nyumba imodzi yomweyo, malata n'kusiyana 30? Mng'ono wangayo za denga sadziwa, akungonditumizira zithunzi za timapepala. Ndalama za kuno timazipeza movutikira, ndiye ndisanatumize ndikufuna ndidziwe mawerengedwe ake. Malata amawerengedwa bwanji? Nanga matabwa? Geji yabwino ndi iti yoti ndisadzanong'oneze bondo? Mvula yayandikira, chonde.

Bambo wina wa ku Machinjiri: Gulani 90 achimwene, otsala mudzafolerera bafa ndi chimbudzi. Malata sawola.

Kalipentala wa ku Chirimba: Ayi bambo, musawasokeretse, malata 30 si masewera. Achimwene, tengani cholembera tiwerengere limodzi.

Choyamba, kutalika kwa denga kutsata msana wake. Nyumba ndi mamita 12, onjezani masentimita 30 otulukira ku gebulo iliyonse, zikhala 12.6. Chachiwiri, kutsetsereka kuchokera pamsana kufika pamene madzi amagwera. Theka la 8 ndi 4, onjezani masentimita 60 otulukira kunja kuti mvula isamamenye khoma, zikhala 4.6. Koma denga ndi lopendekeka, ndiye lata liyenera kutalikirapo. Ngati king post, thabwa loimirira pakati lofika pamsana wa denga, ndi ya mamita 1.8, chulukitsani 4.6 ndi 1.1, mupeza mamita 5 ndi pang'ono, kapena kuti mafiti 16 ndi theka. Apa mbali iliyonse ifuna mizere iwiri: lata la mafiti 10 m'munsi, la mafiti 8 pamwamba, zotsalazo zithera posanjikiza.

Tsono pamene ambiri amagwera ndi pa mulifupi. Musayeze lata lonse, yezani pamene limaphimba likasanjikizana ndi linzake. Lata lophimba masentimita 76 likufunika 17 pa mzere, mizere inayi, onse 68: a mafiti 10 akhale 34, a mafiti 8 akhale 34. Koma m'mahardware muli malata ena ochepa m'lifupi, mukapeza lophimba masentimita 66 ndiye kuti 20 pa mzere, onse 80. Mng'ono wanu apite ndi tepi kusitolo, agoneke malata awiri pansi mosanjikiza, ayeze yekha.

Ndiye wa 60 uja akufuna mumupatse ntchito kaye, adzakuimbireni denga lili pakatikati kuti malata aperewera. Wa 90 mwina wawerengera khonde, mwina denga lake ndi lotukuka kwambiri, mwinanso ena akufuna akafolerere kwawo, sinditha kumuweruza ndisanamve. Mufunseni akuuzeni a mafiti angati. Munthu wongotchula chiwerengero cha malata osatchula mafiti sanakuuzeni kanthu.

Mayi wa ku Bangwe: Ine za masamu ndisiyira amisiri, ndiyankhe za geji. Nambala ikamakwera lata limachepa mphamvu. 28 ndi yokhuthala, 30 ndi yapakati, 32 ndi yopepuka kwambiri. Musatengeke ndi kutchipa kwa 32 achimwene. Mmisiri akangopondapo pokhoma yapindika kale, ndipo mphepo ya mvula yoyamba ija ikafika, misomali imatsala pathabwa lata litang'ambika. Ngati thumba likulola tengani 28, ngati zavuta 30. Komanso wall plate, thabwa logona pamwamba pa khoma, aimange ndi waya kapena hoop iron yoyambira mkati mwa khoma, osati kungoigoneka pamwamba. Madenga ambiri amene amasasuka amapita ndi matabwa omwe.

Mnyamata wa ku Area 25: Bwanji osangoika malata a mtundu wa IBR bwana? Amadula malinga ndi muyeso wanu, palibe kulumikiza pakati. IBR imaphimba mamilimita 686, ndiye 12.6 kugawa ndi 0.686 ikupatsani 19 mbali imodzi, onse 38 a mamita 5.1. Mtengo amatchula pa mita, ndiye muwerengere mamita 194. Yerekezani ndi mtengo wa 68 kapena 80 aja musanaganize kuti ndi yodula. Chovuta chake muyeso ukalakwika mwalakwitsa onse, ndiye malatawo adulidwe ma truss, mafelemu a matabwa onyamula denga, atakwera kale, mutayeza padenga penipeni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Bambo a ku Chirimba, ndipitirizireni pa matabwa. Woyamba uja analemba ma 2 by 3 okwana 20 ndi ma 2 by 4 okwana 30. Komanso anzanga kuno akuti ndigule malata konkuno ndikweze pa thiraki, akuti amatchipa. Zoona?

Kalipentala wa ku Chirimba: Matabwa amenewo ndi ochepa. Ndiwerengera thabwa la mafiti 18, lomwe ndi pafupifupi mamita 5.5.

Ma 2 by 3 okhomerapo malata akatalikirana masentimita 90, mbali iliyonse ifuna mizere 7, yonse 14. Chulukitsani ndi 12.6, mupeza mamita 176, matabwa 33. Ikani 36 chifukwa polumikiza pamadya thabwa, komanso ena mudzawapeza okhota. Mmisiri wofuna kusunga matabwa amatalikitsa mizere, denga n'kumadzapindika pakati pakapita nyengo. Muonetsetsenso kuti pamene lata la 10 likumana ndi la 8 pali thabwa pansi pake.

Ma truss akatalikirana mamita 1.2 akukwana 11, koma ngati magebulo mukweza ndi njerwa chotsani awiri, atsale 9. Truss imodzi ya nyumba yotambalala mamita 8 imadya pafupifupi matabwa asanu, ndiye 45. Onjezani asanu a wall plate. Ine thabwa logona m'munsi mwa truss ndimakonda 2 by 6, chifukwa mamita 8 ndi mtunda ndipo mawa mudzafuna siling'i. Ena amaika 2 by 4 ponseponse, ine ayi. Ma ridge ophimba msana wa denga, ngati ndi a mafiti 6, tengani 8. Fascia board, thabwa la m'mphepete mwa denga, kuzungulira nyumba yonse ndi mamita 45 ndi pang'ono, matabwa 9.

Zing'onozing'ono ndi zimene zimathetsa anthu ndalama osaziyembekezera: misomali ya malata, misomali ya mainchi 4, 5 ndi 6, waya, ndi mankhwala opaka matabwa. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino kukhoma koma chiswe chimamukonda, ndiye pakani solignum matabwa akadali pansi. Musagule aawisi, amapindika akamauma ali padenga.

Mayi wa ku Bangwe: Owonjezera pa mfundo ya aawisiyo, thabwa lolemera modabwitsa ndiye laliwisilo. Mng'ono wanu azinyamula yekha posankha, asamangoloza.

Bambo wina amene ali ku Cape Town: Za kukweza malata pa thiraki ganizani kawiri achimwene. Mtengo wa m'sitolo kuno ungaoneke wotsika, koma ikanipo ya thiraki, msonkho pa Mwanza, ndi kupindika kwa malata pansi pa katundu wa anthu ena ulendo wonse wodutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete. Akaperewera awiri mudzawapeza kuti ofanana nawo? Ine ndinagula kumudzi konko.

Pa ndalama, musalole mtengo umodzi wa zonse. Mmisiri alembe mndandanda: chinthu, muyeso, chiwerengero. Leba alembe payokha. Mndandandawo mng'ono wanu auyendetse m'masitolo atatu, ku Limbe, ku Blantyre ndi pa Lunzu pomwepo, afunsenso ngati VAT ili kale mumtengomo ndi ngati amaperekeza katundu. Mitengo ya pagulu pano musaidalire, wina akuuzani ya chaka chatha. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, koteshoni ya dzulo inasanduka pepala wamba. Ndiye ndalama ikakwana yambani ndi malata, onse tsiku limodzi, sitolo imodzi, geji imodzi. Mukaphatikiza zonse onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi. Leba muzilipira m'magawo: ma truss akakwera, malata akakhomedwa, yotsala ma ridge ndi fascia zikatha.

Bambo wina wa ku Machinjiri: Chabwino ndagonja pa 90 paja, koma awiri kapena atatu apadera musawaiwale. Lina limabooka molakwika, lina limapindika pa ngolo.

Kalipentala wa ku Chirimba: Pamenepo ndiye tagwirizana bambo. Achimwene, chinthu chimodzi musanatumize ndalama: mng'ono wanu ayeze nyumbayo mopingasa, kona ndi kona, mbali zonse ziwiri. Ya 12 by 8 iyenera kupereka pafupifupi mamita 14.4 uku ndi uku. Zikasiyana kwambiri ndiye kuti nyumba si sikweya, malata adzafuna kudula kumapeto ndipo chiwerengero chisintha. Akayeza mubweretse manambalawo pompano, pamodzi ndi a khonde ngati lilipo, tiwerengerenso.