Zimene tapeza titakweza QEMU

Sabata yatha ndinafunsa ngati makina ongoyerekezera a mu ofesi yathu ku Area 4 kuno ku Lilongwe adzaonabe zipangizo zomwezo tikakweza QEMU (pulogalamu imene imayendetsa makompyuta ongoyerekezerawa mkati mwa kompyuta yeniyeni) n'kuikamo yatsopano, pakuti ndinkaopa kuti Windows idzaona ngati yasamutsidwira pa kompyuta ina. Tsopano takweza, ndipo khadi ya netiweki ya e1000 pamodzi ndi disiki zaonekera monga kale. Chimene chatipulumutsa ndi dzina la mtundu wa makina la pc-i440fx-6.2 limene libvirt, pulogalamu yoyang'anira makinawa, inalemba mu fayilo ya XML yofotokoza makinawo, chifukwa QEMU yatsopano imasunga zipangizo za mtundu umenewo osazisintha. Chondidetsa nkhawa n'chakuti malinga ndi lamulo limene linabwera ndi QEMU 9.1, mitundu yotere imachotsedwa ikakwanitsa zaka 6, choncho tayamba kuyesa mtundu watsopano pa makina amodzi kaye.