Mjigo wa kudambo: tikumbe pomwepo kapena tiyambe tayeza madzi?

Wapampando: Abale anga a kwa Santhe, ndalama za mjigo zakwana. Okumba akuti malo abwino ndi kumunsi kwa dambo, madzi ali pafupi ndipo mtengo utsika. Agulupu avomera. Timvane msanga mvula isanagwe, galimoto yokumbira ingadzatitimire m'matope.

Mayi a ku Area 25: Kumbani basi. Amayi athu akudzuka kusanache kukadikira madzi pachitsime, ife tili pano kukambirana.

Mlangizi wopuma: Pepani a Wapampando, malo amenewo ine ndikuwakana. Ndi kumunsi kwenikweni kwa nazale za fodya, ndipo zigubu zopopera mankhwala anthu amatsukira pomwepo. Dothi lake ndi lamchenga, madzi amangolowa osachedwa.

Achimwene a ku Joni: Koma madala, mankhwala sasuluka? Mvula ikagwa kawiri katatu zonse zatha.

Mlangizi wopuma: Ena amasuluka, ena ayi. Chimene chimaphwanya mankhwala ndi dzuwa, kutentha, ndiponso tizilombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Zonsezi zimagwira ntchito pamwamba. Mankhwala akatsika n'kufika m'madzi apansi, kulibe dzuwa, mpweya ndi wochepa, tizilomboto n'tochepanso, ndiye amakhala nthawi yaitali. Glyphosate, wopha udzu, amamatirira kudothi, tizilombo n'kumamudya pang'onopang'ono. Atrazine, wopha udzu m'chimanga, samatirira kwenikweni, amatsika ndi madzi. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi apansi. Nanga DDT, wopha tizilombo uja amene makolo athu ankamudziwa? Kuti theka lake lokha lithe m'nthaka pamatha kupita zaka 2 mpaka 15, ndipo akaphwanyika amasanduka DDE, amene amakhalitsanso n'kumaunjikana m'mafuta a nsomba, nyama ndi anthu. N'chifukwa chake DDT ali pamndandanda wa pangano la Stockholm la 2001, limene mayiko anagwirizana pofuna kuletsa kapena kuchepetsa mankhwala oopsa okhalitsa.

Mayi a ku Area 25: Bambo, mukutiopseza. Madzi a pamenepo ndi oyera mbee, tinakulira omwewo. Tikathira WaterGuard kapena kuwiritsa sizitha?

Namwino wa ku Kasungu boma: Anti, WaterGuard amapha majeremusi a kolera ndi m'mimba, sachotsa mankhwala a kumunda. Ine chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi feteleza. Urea ukalowa m'nthaka umasanduka nitrate, ndipo nitrate alibe mtundu, alibe fungo, amayenda ndi madzi mosavuta. Kuwiritsa kumangomuchulukitsa, chifukwa madzi amachepa iye n'kutsala. Amene amavutika ndi makanda, magazi awo amalephera kunyamula mpweya bwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati nitrate asapitirire mamiligalamu 50 pa lita ya madzi akumwa.

Msungichuma: Ndamva zonsezo, koma kumtunda kwa sukulu okumba akuti afika patali, ndalama tili nazozi sizikwana. Tisonkhenso? Ena sanamalize n'komwe chopereka choyamba.

Achimwene a ku Joni: Mjigo si chitsime chokumba ndi khasu. Ukafika pansi kwambiri ndipo aika simenti bwino m'mbali, zapamwamba zilowa bwanji?

Mlangizi wopuma: Pamenepo mwanena zoona, kuzama ndi simenti zimathandiza kwambiri. Koma okumbawo aukonda malowo chifukwa choti madzi ali pafupi, ndiye kuzamako kuchokera kuti? Ine sindikuti madziwo ndi oipa. Ndikuti titunge m'chitsime chakale chija tipititse ku labotale ya madzi ya boma ku Lilongwe, tifunsenso a Malawi Bureau of Standards ngati angatiyezere za mankhwala opopera. Tiyeze pano, tidzayezenso mvula ikakhazikika, popeza ndi pamene zambiri zimatsika. Ndipo kaya tikumba kuti, zigubu zisamatsukidwirenso kudambo. Botolo la mankhwala likatha alitsuke katatu, madziwo athire m'chopopera, aliboole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Cypermethrin, wopha tizilombo ta m'mbewu, pang'ono chabe amapha nsomba, ndipo madzi a dambo lija amakathera mu Bua.

Mayi a ku Area 25: Ndiye amayi adikirenso chaka china? Zikundiwawa, koma zidzukulu zanga zimamwa konko. Yezani, koma musagone nazo.

Wapampando: A Msungichuma, funsani mtengo woyezera ndi wokumba kumtunda, mutiuze Lachisanu. Za zigubu ndiwaimbira agulupu madzulo ano. Ndani akupita kumudzi sabata ino kuti akatunge madziwo?

Namwino wa ku Kasungu boma: Ndipita ine Loweruka. Koma tifunse kaye ku labotale mabotolo oyenera, a zakumwa sangatithandize.