Land Rover Series III: singano za mafuta ndi kutentha zikukwera ndikayatsa nyali

Wa ku Luchenza:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Land Rover Series III ya 1978, yaifupi ija ya mainchesi 88, injini ya petulo ya 2.25. Anandisiyira malemu bambo anga. Inakhala pamiyala pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi, ndaidzutsa chaka chatha. Kuyenda ikuyenda bwino, koma mageji andisowetsa mtendere.

Masana singano ya kutentha imakhala pa N, kutanthauza kuti kutentha kuli bwinobwino. Kukada ndikangoyatsa nyali, imayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi pofiira. Ya mafuta nayo imakwera, ngati wina wandithirira petulo m'njira. Lamulungu lapitali pochokera ku Mulanje ndinaima kawiri kutsegula boneti, madzi osawira, fan belt ili gwa. Kenako mafuta anandithera pa Thuchila singano ikuonetsa kota, ana ali m'galimoto. Ndasintha kale thermostat ndi sender ya kutentha (kachipangizo koyeza kutentha n'kuuza geji), palibe chasintha. Wina akuti ndizule mageji a Smiths ndiike amakono, koma mtima ukukana. Pa dashibodi imeneyi ndi pomwe bambo anandiphunzitsira kuyendetsa. Ndiyambire pati?

Madala wa magetsi, Ndirande:

Achimwene, mageji musazule ayi. Singano ziwiri zikamanama nthawi imodzi, ndiponso mbali imodzi, musawononge ndalama pa ma sender. Funsani kuti ziwirizi zikudyera mbale iti. Pa Series III zonse zimalandira moto kuchokera ku kabokosi kachitsulo kotchedwa voltage stabiliser, komangidwa kumbuyo kwa speedometer. Batire ikakhala pa 12 volts, kapena pa 14 injini ikulira, kabokosiko kamapatsa mageji pafupifupi 10 basi. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kokulungidwa ndi waya. Kakatentha kamapindika n'kudula moto, kakazizira kamalumikizanso, tsiku lonse choncho.

Tsono kabokosika kamapezera earth, njira yobwererera moto ku batire, pa thupi la speedometer, ndipo mababu ounikira mageji amabwezeranso moto wawo pomwepo. Waya wakuda wa pamenepo akachita dzimbiri, mukayatsa nyali moto wa mababu umasowa njira yabwino, stabiliser imasokonezeka n'kumatulutsa moto wopitirira. Singano zonse m'mwamba. Galimoto yogona panja zaka zinayi, ine ndikuloza pamenepo.

Chotsani kaye waya wa negative pa batire, chifukwa kuseri kwa dashibodi kuli mawaya a bulauni omwe amakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba, komanso sadutsa pa fyuzi. Masulani panelo, pezani mawaya akuda pansi pa timanati togwira speedometer, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Ine ndimakokanso waya watsopano kuchokera pamenepo kukamanga pa chitsulo choyera cha bulkhead, khoma lija lolekanitsa injini ndi mokhala anthu.

Kuyesa geji payokha n'kosavuta. Thanki ili pansi pa mpando wakumanja. Sololani waya wobiriwira wa mzere wakuda pa sender ya pa thankipo, bwezerani waya wa batire uja, tsegulani kiyi, mugunditse pa chitsulo kwa kanthawi kochepa. Singano ikanyamuka kulowera ku full, geji ndi waya zili bwino. Musachedwe naye, mungaotche geji. Wa kutentha ndi wobiriwira wa mzere wa buluu, mayesedwe ake omwewo.

Mayi a Series IIA, Leicester:

Madala anena zoona. Ndiwonjezereko chimene chinandidyera ndalama ine. Mukaika multimeter ya manambala pa stabiliser yakale, manambala amangodumphadumpha pakati pa 0 ndi 12, inu n'kuyesa yafa. Ndi mmene imagwirira ntchito. Ndinataya yabwinobwino chifukwa cha zimenezi. Tengani babu yoyesera, muike pa mwendo wolembedwa I. Babu ikamaphethira ndiye kuti stabiliser ili moyo, ikangoyaka osazima kapena osayaka n'komwe, yatha. Mwendo wa B ndi wolowera moto. Pomanga onetsetsani kuti mbali yolembedwa TOP yaloza kumwamba.

Kuno ambiri tinaika yamakono yopanda kachitsulo kopindika, yotulutsa 10 volts osagwedezeka. Wokonza mawailesi akhoza kukupangirani ndi kachipangizo ka 7810, n'kukabisa m'kabokosi kakale komweko.

Madala wa magetsi, Ndirande:

Mayi, yamakonoyo sindikuikana, koma nayonso imafuna earth yabwino. Akaika pa dzimbiri lomwelo abweranso kuno akulira. Ayambe ndi sandipepa. Ndipo achimwene, poti muli pomwepo, yang'anani lamba wa earth wochoka pa chassis kupita ku injini kapena gearbox. Akaola, moto wa starter umafuna njira ina, umadutsa mu kebulo ya choke mpaka kutentha. Ndinaonapo ina itasungunula pulasitiki.

Wa ku Luchenza:

Ndabwera kudzathokoza. Loweruka ndinamasula panelo. Waya wakuda ndinamupeza atangotsala ndi tinsinga titatu, tobiriwira ndi dzimbiri, kanati kake kolobodoka, komanso zisa za mavu zili mbwee kuseri konseko. Ndadula, ndaika kolumikizira katsopano, ndakoka waya wina kupita pa bulkhead monga munanenera madala. Babu pa mwendo wa I ikuphethira, choncho stabiliser ya bambo ndaisiya momwemo. Usiku ndinapita pa Bvumbwe ndi kubwerako nyali zili chiyakire, singano osachoka pa N.

Lamba wa injini uja ndamuonanso, wayamba kuthothoka cha ku chassis. Madala, ndigule wonenepa bwanji, ndipo ndimange pa bawuti yomweyo kapena ndisake ina?