Ndasankha ekiselo ya mainchesi 8.8 pa Mustang yanga

Ndinafunsa ngati kunali koyenera kusintha ekiselo yakumbuyo ya mainchesi 7.5 (uku ndi kukula kwa giya yaikulu ya m'kati mwake) pa galimoto yanga ya Ford Mustang GT ya 1985, popeza injini yake ya V8 ndinaiwonjezera mphamvu. Ambiri mwa inu munandilangiza ya mainchesi 9, koma ndasankha ya 8.8, yomwe kampani ya Ford inayamba kuika mu Mustang GT mu 1986. Ya 9 ndi yolimba ndithu, ndipo kusintha magiya ake n'kosavuta, koma ndi yolemera, yodula, komanso imadyako mphamvu ya injini. Ya 8.8 inalowa m'malo mwa ya 7.5 ija popanda kuwotcherera, ndipo makaniko waikamo mashafuti a 31-spline (zitsulo zozungulitsa matayala, zokhala ndi mano 31 kumapeto kwake) ndi difu (magiya ogawira matayala akumbuyo mphamvu ya injini) yogwirizana nawo, chifukwa matayala otakata akagwira kwambiri msewu, mashafuti a 28-spline akhoza kuthyoka.